Ankadziwa kumene zombo zinamira, koma sanawamvere

Nkhani za anthu olowa m'chipululu ndimazikonda kwambiri, koma pali imodzi imene imandiwawa mumtima ndikaikumbukira.

Mu 1845 John Franklin ananyamuka ku England ndi zombo ziwiri, Erebus ndi Terror, kukafufuza njira ya panyanja yodutsa kumpoto kwa Canada. Amuna 129 analowa m'dziko la madzi oundanalo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerako. Anthu anawafunafuna zaka ndi zaka. Kalata yofotokoza zimene zinachitika inapezeka imodzi yokha, mu 1859, pa chilumba cha King William: Franklin anamwalira pa 11 June 1847, otsalawo anasiya zombo mu April 1848 n'kuyamba wapansi. Basi, pepala linathera pomwepo.

Koma dzikolo linali ndi eni ake. Anthu a mtundu wa Inuit anawaona azunguwo akukoka bwato pamwamba pa ayezi, ataonda ndi njala. Mu 1854 anafotokozera John Rae, wofufuza malo wa ku Scotland, zonsezi, osabisa ndi zoopsa zomwe, zoti njala itafika povuta ena anadya mitembo ya anzawo. Rae atapita nawo uthengawu ku London, anthu anapsa mtima, mkazi wa Franklin ali patsogolo. Anati anthu osadziwa kulemba mawu awo sangadaliridwe. Apa ndi pamene pamandipweteka ine. Anthu onena zoona anasanduka abodza chifukwa chosagwira cholembera.

Patapita zaka zoposa 100, akatswiri atayeza mafupa a amalinyerowo anapezamo zipsera za mpeni. Louie Kamookak, wa mtundu wa Inuit wochokera ku Gjoa Haven, mudzi wa pa chilumba cha King William, amene anayamba kumva nkhaniyi ali mwana kuchokera kwa agogo ake, anatha zaka zambiri akusonkhanitsa zimene akuluakulu ankasimba. Mu 2014 chombo cha Erebus chinapezeka m'dera lomwe nkhanizo zinkaloza, pansi pa madzi akuya mamita 11 okha. Terror chinapezeka mu 2016, ndipo amene analozanso malowo anali mlenje wa mtundu womwewo.

Maganizo anga ndi akuti luso losimba nkhani timalichepetsa tikamaliona ngati zosangalatsa ana madzulo. Taganizani: mibadwo ingapo kupatsirana nkhani pakamwa, dzina la malo osalisintha, mbali imene chombo chinali osaisokoneza. Pamenepo pamafunika mwambo, kubwereza, ndi womvera amene angakudzudzule ukakometsera. Ineyo ndikamawerenga buku la wofufuza malo wina aliyense, tsopano ndimayang'ana kaye amene anamulondolera njira, amene anamuuza kumene kuli madzi, ndipo ndimafunsa ngati dzina lake lalembedwa. Kawirikawiri silipezeka.

Kamookak anamwalira mu 2018 akufunafunabe manda a Franklin, potsatira zimene anamva kwa agogo akewo.