Inu Otola Mabatire Otayidwa, Mukufuna Kutiwotcha Tonse?

Loweruka lapitali sitinagone kuno ku Chawama, mu Lusaka. Malaiti anabwera pakati pa usiku, ndipo pasanathe ola limodzi tinamva phu! phu! phu! ngati wina akuwomba mfuti, kenako mayi wina akukuwa kuti moto, moto. Tinatuluka ena ndi zitenje zokha, ena ndi zidebe. Utsi umene unkatuluka pawindo la chipinda chakumapeto, pa mdadada woyang'anana ndi nyumba yanga, sunali utsi wa makala ayi. Unali woyera, wotsamwitsa, wolasa m'maso. Mabanja asanu ndi limodzi amagona pansi pa denga limenelo, zipupa zake sizifika n'kumalata komwe, mawindo onse ndi otchinga ndi zitsulo. Kuti sitinaike maliro, ndi Mulungu yekha.

Kutacha ndinapita kukaona. Mwini chipindacho ndi mnyamata amene ndamuona akukula. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, chinayambitsa moto n'chiyani?" Anandionetsa kabokosi ka pulasitiki, kaja amayi amaikiramo ana chakudya cha kusukulu, katasungunuka. M'kati munali timabatire tokulungidwa ndi tepi yakuda. Akuti, "Atate, ndinachotsa m'mabatire a makina obowolera ndi magirayinda amene anthu anataya. Ena ndinagula kwa anyamata otola kudzala la zinyalala ku Chunga. Ndinaonera pa YouTube." Ndiye kabokosiko anakasiya pachaja, pansi pa bedi, pafupi ndi matiresi a siponji, iye n'kugona tulo tofa nato.

Pansi pa bedi!

Ana inu, mitu yanu ikugwira ntchito? Mmisiri wowotcherera mageti ku Kalingalinga anagula batire la makina a Makita kapena DeWalt ndi ndalama zake zowawa. Mukuganiza kuti analitaya chifukwa ndalama zamuchulukira? Analigwiritsa ntchito padzuwa, linagwapo kuchokera padenga, linamwa fumbi la simenti, mpaka linakana. Kenako linakagona kudzala, mvula ikulinyowetsa, galimoto ya zinyalala ikuliponda. Inu mwafika, mwalitola, mwalitsegula ndi sikuludiraiva, mukuti mwapeza chuma. Chimene mwini wake anachikana, inu mukugona nacho m'chipinda chimodzi ndi mwana wakhanda?

Ndipo musandiuze kuti mdala sadziwa za magetsi. Ndagwira mawaya zaka zambiri inu musanabadwe. Batire la makina aja, la mavoti 18 (18V), m'kati mwake muli timabatire tisanu tolumikizana motsatana, kapena khumi ngati lili lalikulu, tija mumati 18650 chifukwa m'mimba mwake ndi mamilimita 18, kutalika 65. Kalikonse kakadzaza kamafika 4.2V, basi, osapitirira. Kakatsika kwambiri kupyola 2.5V n'kukhala choncho miyezi, m'kati mwake mumawonongeka, ndipo kukakakamiza kuti kadzuke n'kuputa moto. Inu mumatani? Mumakagunditsa ku batire lina kuti "kadzuke", mita ikaonetsa nambala mukuwomba m'manja. Nambala ya pa mita ikukuuzani za dzimbiri lili m'kati? Ikukuuzani kuti kanaphwanyikapo?

Chimene chimandipweteka mutu koposa ndi kabolodi kaja kotchedwa BMS. Ndiko kamayang'anira kabatire kalikonse, n'kudula magetsi zinthu zikafika poipa. Mnyamata wathuyu anakazula n'kukataya, akuti kanali kuvutitsa, kanali kukana kutchaja. Ee, kanali kukana chifukwa kanaona choipa chimene iwe sunachione! Mlonda wakuwa kuti kwabwera akuba, iwe ukuthamangitsa mlonda kuti akukusokoneza tulo?

Ndiye pali awa olumikiza timabatire titatu n'kumati apanga 12V. Titatu tikadzaza ndi 12.6V. Iwo amatenga chaja ya batire la galimoto, imene imakankha kupitirira 14V, n'kulumikiza. Werengani nokha, popeza munapita kusukulu. Ena chaja ya laputopu, ena waya wochokera ku sola mwachindunji popanda chilichonse pakati. Fyuzi palibe. Mawaya ndi aja opyapyala ochotsa ku wailesi yakufa. Kabatire ka 1500 mAh (muyezo wa magetsi amene kamasunga) akukaphatikiza ndi ka 3000 mAh, kakale ndi katsopano, ka m'laputopu ndi ka m'girayinda, ngati akusakaniza ndiwo. Kodi ng'ombe yokalamba ndi yanthete mumazimanga m'goli limodzi? Poti timabatire tasowa, amathamangira kutauni kukagula tija tolembedwa 9900 mAh, pamene 18650 yeniyeni imathera cha m'ma 3500. Bodza lalembedwa poyera pachikopa, inu mukutulutsa makwacha.

Kulumikiza kwake nakonso! Kufakitale amalumikiza ndi timalamba ta nikelo, makina amagunda kamodzi, kutentha sikulowa m'kati. Inu mumatsamiritsa chitsulo chamoto pamutu pa kabatire mpaka mtovu usungunuke, chala chikupsa, inu muli phee kudikira. Ndinaonapo wina akutenthetsa chitsulocho pambaula chifukwa malaiti kunalibe. Pambaula, timabatire tili m'mbale pambali pake.

Ndikudziwa chimene chinatifikitsa pano. Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, tinakhala mumdima maola ambiri pa tsiku, ndipo wometa tsitsi, wotchajitsa mafoni pa kantemba, mwana wolemba mayeso, onse anafuna kuwala. Inveta ndi batire la m'sitolo si za aliyense. Umphawi ndimaudziwa, sindinaumve pa wailesi. Alipo amisiri enieni muno mu Lusaka amene amayesa kabatire kamodzikamodzi masiku angapo, kotentha amataya, kotupa amataya, kadzimbiri amataya, amaika BMS ndi fyuzi, n'kutsekera zonse m'bokosi lachitsulo. Amenewo sindikulimbana nawo. Ndikunena iwe amene waonera kanema wa mphindi khumi pafoni, lero wayamba kugulitsa "pawa banki" kwa amayi a pamsika. Akapsa ndi ana awo, udzawauza chiyani abale awo?

Mwaiwala kuti mu 2016 Samsung, kampani yokhala ndi akatswiri ankhaninkhani, inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka? Ndege zimakana kuti batire lapadera la lithium, mtundu womwewu wa timabatire timeneti, likhale m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, kumalo a katundu. Iwe ndi tepi yako yakuda ndiwe wanzeru kuposa onsewo? Moto wa timabatire timeneti suli ngati wa nyali ya parafini woti uphimba ndi bulangeti. Kamodzi kakayaka kamayatsa kanzake, kanzake kayatsa kena, tina tikuuluka ngati zipolopolo. Mukazima, pakapita kanthawi wayambiranso. Loweruka lija tinathira madzi mpaka migolo ya anthu inauma, madzi ogula pa kiyosiki. Nanga galimoto yozima moto ikanalowa bwanji m'tinjira tathu tino? Amene munaona msika wa City Market utapsa mu 2017 mukudziwa mmene moto umadyera thukuta la anthu usiku umodzi.

Inunso makolo ndi eni nyumba, musakhale ngati simukuona. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Mwana akudzaza chipinda ndi mabatire a kudzala, inu mukunyadira kwa aneba kuti mwana wanga ndi injiniya. Timabatire timene takanika amatiponya m'dzenje la zinyalala, madzulo mukuyatsa dzenjelo, tiana tikuwotha pomwepo. Tina tiana tikuseweretsa timabatire ngati zidole, kutiika m'thumba limodzi ndi makobidi ndi misomali. N'chovuta chiyani kumata mitu yake ndi tepi, kutiika m'chitini cha mchenga panja, kutali ndi nyumba?

Dzulo ndadutsanso pa mdadada paja. Khoma likadali lakuda bii, matiresi opsa ali panja, mayi wa chipinda choyandikana akadatsokomola. Mnyamata uja ndinamupeza atakhala pakhonde, akusankha m'phulusa timabatire timene akuti sitinapse kwenikweni.

Iwe mwana, taya zimenezo. Ngati moyo wakutopetsa, usatitengere ife.