Mwana akaiwala masamu a dzulo, musathamangire chikwapu

Ndimaphunzitsa ana masamu pakhonde panga kuno ku Bangwe akaweruka kusukulu. Lero ndilankhula, ena mukwiye.

Agogo ena anandibweretsera mdzukulu wawo wobwereza sitandade 3. "Aphunzitsi, ameneyu ndi wouma mutu, muzimukwapula." Koma mwanayo nthano amakamba bwino, nyimbo za kutchalitchi amaloweza. Pa manambala ndiye pali nkhondo. Lolemba 7 kuphatikiza 5 amapeza, Lachitatu amangondiyang'ana ngati sanaionepo. Akamutuma tomato chenji chimaperewera, kunyumba nkumati waba. Patapita miyezi ndi pomwe agogowo anandinong'oneza kuti mayi ake ankamwa kachasu ali ndi pakati pake.

Woyeza ndi dokotala, osati ine. Koma mowa womwe mayi wamwa umafika kwa mwana m'mimbamo nkusokoneza kakulidwe ka ubongo wake. Madokotala Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle anatcha vutoli dzina mu 1973, pano limadziwika ndi zilembo zoti FASD. Ana ambiri otere pankhope saoneka kanthu. Masamu amawazunza chifukwa amafuna kuti usunge nambala ina m'mutu uku ukuwerengetsa inzake, ndipo pamenepo ndi pomwe zimawathawa.

Ndiye kusonkhanitsa ana 40 pakhonde, nkumawaimbitsa matebulo ochulukitsa ndodo ili m'manja, kwa mwana ngati uyu ndi kudya ndalama za agogo basi. Anzanga aphunzitsi, tivomereze.

Ku Emory University ku Atlanta, Claire Coles ndi Julie Kable anakonza njira yophunzitsira masamu ana otere yotchedwa MILE: mwana ayambe wadekha nkulingalira chochita, achite, kenako abwerere aone zomwe wachita. Ine ndinatolapo zomwe ndingathe. Timakhala awiri, mphindi 15, wailesi yozima. Timawerengera zitsekerero za mabotolo kuti nambala aziigwira ndi manja. Pakhoma ndinajambula makwerero ndi khala, kuphatikiza ndi kukwera, kuchotsera ndi kutsika. Mawu ndimanena omwewo tsiku lililonse, ndikasintha pang'ono amasokonezeka.

Za kunyoza mayi ake ndileka dala. Ambiri amamwa asanadziwe kuti aima, ndipo wogula mowawo nthawi zina amakhala bambo yemwe lero akuloza chala.

Dzulo ndinamutuma sopo ndi K2,000, wabweza chenji chokwanira. Lachitatu mwina adzaiwala, tidzatulutsanso zitsekerero zathu.