Gawo 176 ndi limene mwaliiwala

A mtolankhani, mwalemba kuti woganiziridwa mlandu ndi wotetezedwa chifukwa gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limamupatsa ufulu wokhala chete komanso limaletsa kumukakamiza kuvomera mlandu. Zimenezo n'zoona, koma simunatchule gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code (lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni), limene limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera mlandu ngakhale mwini wakeyo atanena kuti sanaipereke mwa kufuna kwake. Woweruza amangofunika kukhutira popanda chikayiko kuti mawuwo ndi a woimbidwa mlanduyo ndiponso kuti zili m'menemo n'zoona.

Mphwanga anamusunga m'chitokosi masiku asanu, pomwe lamulo limati munthu akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Anasaina pepala limene sanamuwerengere, ndipo tsiku limenelo nthiti zinkamupweteka moti ankalephera kupuma bwino. Atafika kukhoti n'kukana mlandu, pepala lija analiwerenga pamaso pa onse, ndipo iye analibe loya woti afunse wapolisi amene analemba pepalalo kuti zinayenda bwanji m'chipinda muja. Patapita miyezi mlandu unatha chifukwa panalibe umboni wina, koma ntchito inali itamuthera kale.

Anzanga owerenga, ine ndikuona kuti pamene gawoli likadalipo, wapolisi wosafuna kuvutika ndi kufufuza sadzaona chifukwa chosiyira kumenya. Chonde a mtolankhani, kafunseni a Law Commission (bungwe lounika malamulo) ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo ngati ali ndi ganizo losintha gawoli.