Kiriketi ya atsikana: ma wide akutigonjetsa kuposa umphawi

Ena a inu a kochi simukondwera nawo maganizo angawa, koma ndiwanenabe. Timu ya atsikana ikagonja pa kiriketi, chimene timathamangira kunena n'chakuti tilibe ndalama, tilibe zipangizo, tilibe bwalo. Zonsezo n'zoona. Koma tengani buku lolembamo zigoli, mutsike nalo mpaka pa mzere wa ma extra, zigoli zimene timu imapatsidwa popanda womenya kumenya mpira. Nthawi zambiri mupeza kuti amene wagoletsa zambiri kwa adani athu si womenya wawo ayi. Ndi oponya athu omwe, ndi ma wide awo, mipira yodutsa patali moti womenya sangaifikire.

Kumene tachokera n'kutali ndithu, ndipo sindikunyoza. Bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse la ICC litalamula mu 2018 kuti masewero afupiafupi a T20 a amayi pakati pa mayiko onse amene ndi mamembala ake aziwerengedwa ngati a padziko lonse, atsikana a Malawi anapita ku Gaborone mu Ogasiti chaka chomwecho, kukakumana ndi matimu ngati Namibia, Botswana ndi Sierra Leone. Mu Novembala 2019 Mozambique inabwera ku Blantyre kudzasewera Kwacha Cup, masewero 7 pa bwalo la sukulu ya Saint Andrews, ndipo Malawi inapambana 4. Mu 2024 timuyi inakafika ku Kigali, ku mpikisano wa Kwibuka. Dziko limene mtsikana aliyense amalota kukhala mmodzi wa ma Queens a netibolo, kufika pamenepo si masewera. Koma timu ya dziko imatunga madzi m'chitsime cha matimu ang'onoang'ono a m'masukulu ndi m'makalabu, a atsikana osalipidwa, ndipo n'kumeneko kumene kuli matendawa.

Tiwerenge limodzi. Mu T20 timu imaponya ma over 20, over iliyonse mipira 6, yonse pamodzi 120. Wide imodzi imapereka run (chigoli) imodzi yaulere, ndipo mpirawo suwerengedwa, uyenera kuponyedwanso. Ndiye timu yoponya ma wide 20 yapereka ma run 20 osagwirira ntchito, ndiponso yaponya mipira 20 yowonjezera, kupitirira ma over atatu, padzuwa, oponya atatopa kale. No ball, monga woponya akaponda kupyola mzere, ndiye yoipitsitsa, chifukwa mpira wotsatira womenya amaumenya mopanda mantha, podziwa kuti ngakhale auwakhe kapena ugwetse timitengo titatu ta kumbuyo kwake satuluka. Pa masewero amene timu zonse zikuvutika kufika ma run 100, ma run 20 aulere ndiye chigonjetso chenichenicho.

N'chifukwa chiyani atsikana athu amaponya ma wide ambiri? Choyamba ndi mpira. Mpira wa amayi umalemera magalamu 140 mpaka 151, pamene wa abambo ndi pafupifupi 156 mpaka 163, ndipo ndi wokulirapo. Matimu ambiri a atsikana amatola mipira yotsala ya anyamata, yotha kale msoko. Dzanja laling'ono siliugwira bwino, umapulumuka m'zala nthawi isanakwane, n'kulowera kumene ukufuna. Kagwiridwe koyenera ndi zala ziwiri pamwamba, m'mbali mwa msoko, chala chachikulu pansi, mpira usakhudze chikhatho.

Chachiwiri ndi kathamangidwe. Mtsikana amene lero wayambira apa, mawa apo, sangaponye malo amodzi. Ayeze masitepe ake kuchokera pa mzere kubwerera m'mbuyo, 8 kapena 10 akwanira kwa oyamba kumene, aike chizindikiro, ndipo asasinthe. Akamafika pa mzere akudodoma kapena kufupikitsa sitepe, mutu umagwera kumbali, mkono wakutsogolo umatsika msanga, mpira n'kutsatira mutuwo. Ma wide ambiri a kumiyendo amachokera pamenepa. Ndipo kumbukirani kuti mu T20 mpira wodutsa kumbuyo kwa miyendo ya womenya, osamukhudza, oyimbira sauchitira chifundo. Mbali inayo muli ndi mpata wa masentimita 89 kuchokera pa kamtengo kapakati. Choncho wophunzira akalakwitsa, bola alakwitsire mbali yotakatayo.

Chachitatu ndi ife aphunzitsi. Timakonda mtsikana woponya mwaliwiro chifukwa anthu amaombera m'manja. Liwiro lopanda chindunji ndi mphatso kwa mdani.

Mankhwala ake safuna ndalama. Bwalo la netibolo ndi lalitali mamita 30.5, pamene pakati pa timitengo ta uku ndi uko pamafunika mamita 20.12 okha, ndiye kuti sukulu iliyonse yokhala ndi bwalo la netibolo losalala ili nawo kale malo ophunzirira kuponya. Yezani ndi tepi, osati ndi mapazi, chifukwa mtsikana wozolowera mamita 18 akafika pa bwalo lenileni mipira yake yonse imagwera pafupi. Jambulani mzere wa womenya mamita 1.22 kutsogolo kwa timitengo. Yalani thumba lakutha la feteleza pafupifupi mamita 5 kuchokera pa timitengo, molunjika kamtengo ka kunja, ka mbali yotalikirana ndi miyendo ya womenya. Woponya aliyense aponye mipira 24, ndiyo ma over 4 amene lamulo limamulola pa sewero limodzi, popanda womenya kutsogolo. Mnzake alembe m'kope: yagunda thumba ingati, yakhala wide ingati. Chitani zimenezi katatu pa sabata. Tsiku losankha timu, kope lija ndilo lilankhule, osati nkhope kapena chibale. Ndipo musaphunzitse atatu okha. Popeza mmodzi sapitirira ma over 4, timu imafunika oponya osachepera asanu, ndipo wachisanu ndi amene amawononga sewero chifukwa palibe amene anamulabadira. Konzani asanu ndi awiri.

Pali kanthu kena koyenera kukagwira msanga. Atsikana athu anakulira pa fulaye, kugenda amakudziwa, ndipo dzanja limenelo ndi chuma pothamangitsa mpira m'bwalo. Koma poponyera womenya, chigongono sichiloledwa kuwongoka ngati pogenda. Lamulo la ICC limalola madigiri 15 basi. Mukamusiya mwana chaka chonse akugenda chifukwa akutulutsa anthu, tsiku lina adzaletsedwa pa mpikisano waukulu, ndipo kumusintha atakula n'kovuta kwambiri. Muyambitseni ataima chilili, cham'mbali, mkono uzizungulira wowongoka ngati mpukutu wa njinga, n'kudutsa pafupi ndi khutu. Kuthamanga kubwere pambuyo.

Za mpira wolimba ndinenepo pang'ono. Kuyamba ndi mpira wa tenisi wokulunga ndi tepi ya magetsi n'kwabwino, n'kotsika mtengo, ndipo mwana saopa. Cholakwika n'kukhalitsa pamenepo. Amene sanawakhepo mpira wachikopa amautambasulira zala zowongoka, umamuthyola chala, ndipo kuyambira tsiku limenelo amauthawa. Zala ziloze kumwamba kapena pansi, osati kumene mpira ukuchokera, ndipo manja abwerere nawo m'mbuyo pouwakha. Mipira 30 kwa aliyense tsiku lililonse la maphunziro, kuyambira pafupi. Womenya ndi wogwira kumbuyo kwa timitengo asakumane ndi mpira wolimba opanda helemeti, ma pad otchinga miyendo ndi magolovesi. Ngati timu ili ndi mahelemeti awiri okha, azisinthana, koma pamenepa pasakhale zonyengerera.

Ma bat nawonso timalakwitsa. Wina akapereka bat yolemera ya bambo wamkulu, timaombera m'manja n'kuipereka kwa mtsikana wa Fomu 1. Sangainyamule mowongoka, ndiye amaikokera cham'mbali ngati akusenga udzu, mpira wolunjika n'kudutsa pansi. Saizi 6 kapena Harrow, yokulirapo pang'ono, ndiyo yoyenera ambiri a msinkhu umenewo. Bat yatsopano ipakidwe mafuta a linseed pang'ono, igogodedwe ndi mpira wakale woika m'sokosi kwa maola angapo, makamaka m'mbali ndi kumunsi, isanalowe m'sewero. Mukadumpha zimenezi ing'aluka sabata yoyamba. Isasiyidwe padzuwa kapena pa udzu wa mame.

Pothamanga pakati pa timitengo mawu ndi atatu okha: eya, ayi, dikira. Mpira ukapita kutsogolo aitane womenya, ukapita kumbuyo aitane mnzake amene akuuona. Manyazi olankhula motsitsa, amene timawayamikira kunyumba, pabwalo amatulutsa anthu.

Tsono vuto limene kope silingathetse ndi ili: atsikana amasowa. Kuphunzitsa woponya wodalirika kumatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo nthawi imene wayamba kupsa ndi imene akulemba MSCE. Akamaliza Fomu 4, timu ya sukulu yatha, kalabu ya amayi pafupi palibe, ya minibasi palibe, ndipo kunyumba akufunsa kuti masewerawa akubweretsa chiyani. Inu amayi ndi abambo, funso lanulo si lolakwika. Kochi wanzeru amapita yekha kukaonana ndi makolo, amatchula nthawi yoweruka kuti ana afike kwawo kusanade, amaonetsetsa kuti pa ulendo uliwonse pali mayi wamkulu woperekeza, ndiponso kuti pabwalo pali chimbudzi chotseka ndi madzi. Yunifolomu ikhale yamtundu wakuda kapena wobiriwira, osati yoyera. Mtsikana amene ali kumwezi savala thalauza yoyera pagulu, amangojomba osanena chifukwa, inu n'kumati ndi waulesi.

Kalendala nayonso ikonzedwe ndi maso. Mvula imatenga Disembala mpaka Marichi, mayeso amatenga gawo lina, ndiye miyezi yeniyeni yosewera ndi yochepa. Timu imene imaphunzira chaka chonse koma n'kusewera masewero enieni awiri okha siidziwa kuponya over yomaliza mtima ukugunda. Rwanda si dziko lolemera, koma kuyambira 2014 yakhala ikuchititsa mpikisano wa Kwibuka pafupifupi chaka chilichonse, ndipo mu 2023 atsikana ake osapitirira zaka 19 anagonjetsa Zimbabwe ndi West Indies pa World Cup ku South Africa. Nigeria nayo inagonjetsa New Zealand pa mpikisano womwewo mu 2025. Ife tisayambe n'kulota bwalo ngati la Gahanga, bwalo lalikulu la kiriketi la ku Kigali. Matimu anayi a mumzinda umodzi, akumakumana Loweruka lililonse kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndi masewero oposa 20 kwa timu iliyonse pa chaka. Pakhale oyimbira awiri odziwa malamulo, osachitira chisoni wide ngakhale woponyayo ali mwana, ndi wolemba zigoli mmodzi amene Lolemba azipachika chiwerengero cha ma extra a timu iliyonse pakhoma, dzina la woponya ndi nambala yake pambali.