Chiphapha cha madola 9 miliyoni

Anzanga, nkhani iyi yakhala ikundizungulira m'mutu kwa masiku angapo, ndiye ndati ndiitule pano. Inu a ma Sienta ndi maminibasi mundikhululukire, lero tikamba za galimoto imene ine ndi inu mwina sitidzaigwira ngakhale chiwongolero chake.

Mu Okutobala 2024 ku Los Angeles, kampani ya okushoni ya RM Sotheby's inagulitsa magalimoto amene malemu Rudi Klein anaunjika pabwalo lake la ziphapha. Pakati pawo panali Mercedes-Benz 300 SL ya 1956, ija zitseko zake zimatsekukira m'mwamba ngati mapiko a mbalame, n'chifukwa chake amaitcha Gullwing. Inakhala chikhalire m'shedi kuyambira m'ma 1970, fumbi lokhalokha, yosalira n'komwe. Anaigula pa madola 9,355,000.

Tsono mvetserani apa. Mu Januwale 2022 kampani yomweyo inagulitsa ina ya mtundu womwewo ku Arizona, yokonzedwa bwino ndi akatswiri, yoti ungotembenuza kiyi n'kunyamuka. Imeneyo inapita pa madola 6,825,000. Zonse ziwiri ndi za bodi ya aluminiyamu, ndipo zoterezi anapanga 29 zokha. Yogona m'fumbi inaposa yoyenda ija mtengo ndi mamiliyoni awiri ndi theka.

Malume anga anali makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndikudziwa chimene akananena atamva zimenezi: "Azungu ndalama zawasokoneza mitu." Kwa iwo galimoto yosayenda inali nkhokwe ya masipeya, basi. Peugeot 404 ikatopa ankachotsa injini n'kuikamo ina iliyonse yokwana pamalopo, n'kuwotcherera apa ndi apo, mawa lake ili pamsewu yanyamula matumba a chimanga. Sindikuwanyoza ayi, anatiphunzitsa sukulu ndi manja amenewo. Koma kwa anthu osonkhanitsa magalimoto akale, zimene ankachita malumezo ndi tchimo losakhululukidwa. Iwo asanayang'ane n'komwe penti amayamba agwada ndi tochi kufufuza manambala: ya injini, ya chasisi, ya bodi, ya giyabokosi. Akufuna aone ngati akugwirizana ndi zimene zinalembedwa ku fakitale tsiku limene galimotoyo inatuluka. Injini ikakhala yobwereka kwina, ngakhale ikhale ya 300 SL yomweyo, mtengo umagwa.

Kuti timvetse chimene akulimbirana, tiyambe kumene galimotoyi inachokera. Mu 1952, patangopita zaka 7 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Mercedes inabwerera kumpikisano ndi galimoto yopepuka imene injiniya Rudolf Uhlenhaut ndi anzake anakonza. Chaka chomwecho inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, kenako Carrera Panamericana ku Mexico. Ku Mexico kuja muimba unawomba galasi lakutsogolo galimoto ili pa liwiro loopsa, n'kuvulaza Hans Klenk amene ankawerenga njira, koma iye ndi dalaivala Karl Kling anapambanabe. Max Hoffman, amene ankaitanitsa magalimoto a ku Ulaya n'kumagulitsa ku New York, ndiye anakakamiza akuluakulu a Mercedes ku Stuttgart, ku Germany, kuti apange ina yoyenda pamsewu wamba, chifukwa ankadziwa kuti olemera a ku America aigula. Anaionetsa ku New York mu Febuluwale 1954. Pofika 1957 anali atapanga 1,400, ndipo zambiri zinapitadi ku America.

Zitseko zotchukazo sanaziike kuti akometse. Mafupa a galimotoyi ndi timapaipi tachitsulo towotchereredwa ngati khola, topepuka kwambiri. Kuti kholalo lilimbe linayenera kukwera m'mbali, pamalo penipeni pamene chitseko wamba chimakhala. Njira inatsala inali yotsekulira m'mwamba. Chimene lero anthu akuchijambula ndi mafoni chinali njira yothawira vuto. Injini yake ya malita atatu ndi masilinda 6 anaipendeketsa kuti boneti itsike, ndipo m'malo mwa kabuleta anaika pampu ya Bosch yopopera petulo molunjika m'masilinda, chinthu chachilendo kwambiri pa nthawiyo.

Koma tisanamizane, inali ndi zovuta zake. Kuti ulowe unkayamba wakhala pakhoma lam'mbali lija n'kulowetsa miyendo, ndipo chiwongolero anachita kuchikonza chopindikira pansi kuti maondo adutse. Magalasi a zitseko satsika, ndiye dzuwa likaswa mtengo mkatimo mumasanduka uvuni. Ukazimitsa injini, pampu ija inkapoperabe petulo mpaka injini itaimiratu, petuloyo n'kutsikira mu oyilo, moti oyilo ankafunika kusinthidwa pafupipafupi. Matayala akumbuyo nawo anali ndi khalidwe loipa: ukachotsa phazi pamoto uli pakati pa kona, kumbuyo kunkatha kukutembenukira. Mu 1957 anabweretsa yopanda denga yokhala ndi zitseko wamba, n'kukonzanso kumbuyo kuja. Imeneyo anapanga 1,858 mpaka 1963. Oyendetsa ambiri amavomereza kuti ndiyo yokoma kuyendetsa, koma pazithunzi ndi pamakalendala imene imalamulira ndi ya mapiko.

Ndibwerere ku chiphapha chija. Poyamba ndinkaona ngati ndi misala, koma nditaganiza mofatsa ndinayamba kuwamvetsa. Woyamba kuigula anali Luigi Chinetti, munthu amene anapambana Le Mans katatu komanso ankagulitsa ma Ferrari ku America. Chiyambireni palibe amene anaiphwasula yonse n'kuimanganso. Ndiye kuti pamene mmisiri wa ku Germany anawotcherera mu 1956 pakadali momwemo, ndipo wogulayo akudzionera yekha chenicheni ndi chonamizira. Galimoto yonyezimira imabisa zambiri. Pansi pa penti watsopano pangakhale chitsulo chosula dzulo kapena mabala omata, ndipo pamene pali mamiliyoni akamberembere sasowa. Mu 2012 a Mercedes eniake anachita kuphwanya ndi makina bodi yonamizira ya Gullwing imene inagwidwa ku Germany. Fumbi lija tsono linali ngati mboni. Ndipo chinthu chimakhala choyambirira kamodzi kokha: ukasenda chikopa cha mipando cha 1956 n'kuika chatsopano, ngakhale chikhale chokongola bwanji, chakalecho sichibwereranso.

Mpaka apa ndili nawo limodzi. Pamene tikusiyana ndi apa: ena afika pomalemekeza dzimbiri ngati kuti dzimbiri ndi luso. Amatenga galimoto yotere n'kukaiika m'chipinda chozizira ndi fumbi lake lomwe, osaipukuta, kudikira kuti mtengo ukwere. Kumeneko si kukonda galimoto, n'chimodzimodzi kusunga golide kubanki. Ena ali mbali inayo. Amakonza mopyola muyeso, penti wosalala kuposa amene fakitale inkatha kupaka, mabawuti onse oyang'ana mbali imodzi, pansi pa galimoto poyera ngati mbale yodyera. Akatero amainyamula pa lole kupita nayo kuchionetsero monga cha ku Pebble Beach ku California, n'kuitsitsira pa kapinga, oweruza n'kuizungulira ndi mapepala m'manja, madzulo n'kuikwezanso pa lole. Galimoto imene makolo ake anawoloka Mexico yense, muimba n'kuswa galasi m'njira, lero ikuopa kamwala ka pamsewu!

Maganizo anga ndi akuti wokonza wabwino ndi amene amadziwa polekera. Mabuleki, mapaipi a petulo, mawaya, pampu ija ya Bosch, zonse zokhudza moyo wa munthu ndi wa injini, akonze mosanyengerera. Dzimbiri limene likudya mafupa alichotse. Koma chiwongolero chimene chinaperepeseka ndi manja a eni ake akale achisiye. Mpando wothethekatetheka koma wosang'ambika audyetse mafuta, asausende. Chilichonse chimene wachotsa achisunge m'bokosi, ajambule, alembe, kuti wobwera pambuyo adziwe zimene zinachitika. Ntchito yotere ndi yovuta kuposa kungosintha zonse, ndipo imafuna mmisiri wodzichepetsa, wosafuna kuti dzanja lake lioneke kuposa la amene anaipanga.

Ndipo akamaliza, mwini wake aiyendetse. Apa ngakhale makaniko wa ku Ndirande angavomereze: galimoto yongokhala imawonongeka msanga kuposa yoyenda. Marabala amauma, mabuleki amagwira, petulo amavunda m'thanki. Kwa 300 SL n'koposa, chifukwa kungoiliza mphindi zochepa pabwalo kuti alendo amve kulira kwake ndiko kumadzazitsa petulo mu oyilo. Imafuna ulendo wautali kuti itenthe bwinobwino. Ndimawapatsa ulemu amene amapita nazo ku Mille Miglia ya masiku ano, mpikisano wa magalimoto akale ku Italy, kuchoka ku Brescia kukafika ku Rome n'kubwerera, mvula kapena dzuwa. Amabwerako boneti ili ndi timabala ta miyala, eni ake thukuta lili kamukamu m'kauvuni kaja, akuseka.

Wina andiuza kuti n'zosavuta kulankhula ulibe kanthu, ukanakhala kuti ndiwe wataya mamiliyoni 9 sukanalola ngakhale nkhuku kuyandikira. Mwina n'zoona. Inetu ndikangopentetsa kagalimoto kanga ndimatha sabata ndikuimika kutali ndi ana osewera mpira.

Komabe ndimalakalaka malume akanakhala moyo ndiwaonetse zithunzi za chiphapha cha ku Los Angeles chija. Za Chinetti ndi za manambala akanangogwedeza mutu, osalabada. Akanayang'anitsitsa injini yopendekekayo, n'kukanda pachibwano, kenako n'kufunsa funso lawo la masiku onse: "Nanga batire ilipo? Tatiyeni tiikankhe timve."