Mukungolowana, nanga ankhoswe anu ndani?

Ana anga a kuno ku Mulanje ndi inu a ku Thyolo, ndimvereni, ngakhale ena mwanena kale kuti agogo ayambapo. Unkhoswe ndinauyamba ndili kapitawo ku esiteti ya tiyi, ndipo zimene ndikuona masiku ano zikundisowetsa tulo.

Sabata yathayi, kusanache bwino, mwana wa achemwali anga anagogoda pakhomo panga, khanda kumsana, wina wa zaka zitatu atagwira chitenje. Bambo wa anawo wathawa. Anabwera zaka zinayi zapitazo, mvula itayamba, kudzathyola tiyi, n'kulowa m'nyumba ya mtsikanayo ndi kachikwama kamodzi ndi wailesi. Wachoka ndi kachikwama komweko, wailesi yomweyo, n'kuonjezapo njinga imene anagula awiriwo atagulitsa nandolo. Ukamuimbira, foni imangoti nambala sikupezeka.

Tinapita kwa amfumu. Amfumu anafunsa funso limodzi lokha: ankhoswe a kuchimuna ndani? Mtsikana anangoti zyoli, n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi. Dzina la mwamunayo limene tonse tikulidziwa ndi lija ankamutchula anzake pa bawo. Kwawo, achemwali anga akuti ndi ku Phalombe, mtsikana akuti ndi kutsidya kwa Muloza, ku Milange. Munthu wadya nsima pa mbumba yanga zaka zinayi, ine mwinimbumba osadziwa mudzi wake. Manyaziwo ndi anganso, sindikuwakana.

Inu mumati chikondi ndi cha anthu awiri, mtima ukakonda wakonda. Koma tazungulirani. A CCAP ndi Akatolika amalengeza ukwati mumpingo masabata angapo usanadalitsidwe, kuti wodziwa chobisika anene kudakali m'mawa. Abale athu Achisilamu samanga nika popanda mboni, womuimira mkazi ndi mahari. Makolo athu, Alomwe ndi Amang'anja, Baibulo lisanafike kuno, ankadziwa kale kuti ukwati ndi ankhoswe. Anthuwa amasiyana zambiri. Wa ku Malamulo apemphera Loweruka, wa ku Mulanje Mission Lamulungu, wa kumzikiti Lachisanu, ndipo ukayambitsa nkhani ya mitala dzuwa lilowa asanamvane. Koma palibe mmodzi mwa iwo amene amati mwamuna azilowa m'nyumba ya mkazi usiku ngati fisi, anthu n'kudzangoona m'mawa akusukusula kuseri kwa bafa.

Chifukwa chake n'chakuti chikondi chimadwala. Tsiku limene mwapatsana misana pamphasa, pamafunika munthu woti mukamudzutse. Mkazi akadwala mwakayakaya, uthenga umayamba wafika kwa nkhoswe. Maliro akagwa, amene amakhala pansi kukambirana za manda ndi ankhoswe. Ngakhale banja likatha, ndi iwo omwe amalimasula bwinobwino, aliyense n'kudziwa pamene waima.

Inu anyamata, makamaka a kabaza ndi inu othamangira ku Joni, lekani kubisala m'chikamwini. Ndakumvani mukuti kuno ana ndi a kuchikazi, awalere amalume awo. Bodza limenelo. Mkamwini wakale ankamanga nyumba, kulima munda wa apongozi, kufolera nkhokwe, ndipo ankadziwika mpaka agogo ake. Inu mwatolapo zogona ndi kudya basi. Ena mumanyamula Baibulo kukhwapa, ndiye kawerengeni 1 Timoteo 5:8, pamene Paulo akuti wosasamala a m'banja lake wakana chikhulupiriro, ndipo waipa kuposa wosakhulupirira.

Azimayi ndi azibambo anzanga, tisaloze ana okha. Paketi ya shuga ikafika pakhomo ndi sopo wamtanda, mwana wa Folomu 2 osagwira ntchito, timamwa tiyiyo osafunsa. Safunsa anadya phula. Lamulo la maukwati la 2015 linaletsa kukwatiwa kapena kukwatira usanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti chilolezo cha makolo chisakhale podzera. Lamulo lomwelo limalola khoti kuvomereza ukwati wongolowana, koma mukhale mutakhalira limodzi zaka zosachepera 5. Mwana wa achemwali anga zake ndi zinayi. Zoti bambo azisamalira ana khoti likhoza kulamula, ukwati kaya ulipo kaya palibe. Koma samaniyo ilembedwa dzina lanji, ikaperekedwa kuti?

Akulu ampingo, nanunso musamwetulire. Mtsikana mimba ikaonekera mumamudula msangamsanga, mwini mimbayo ali kutsogolo kwa kwaya, tayi ili pakhosi. Mimba satenga munthu yekha.

Za matenda ndinene pang'ono. Ife tinanyamula mabokosi m'zaka za m'ma 1990 mpaka mapewa kuchita zipsera, m'midzi ya kuno ndi m'nyumba za pa esiteti. Ma ARV aulere atabwera mu 2004 anthu anadzuka pamphasa, tikuthokoza Mulungu. Koma inu mwaona ngati kachilombo kanasamuka. Munthu wosamudziwa kwawo, magazi ake mwawadziwa?

Musandiuze za ndalama. Chimene chakudulirani ndi holo, zokuzira mawu, yunifomu ndi perekaniperekani wa zithunzi za pa Facebook. Chinkhoswe chenicheni ndi amalume a uku ndi a uku kukhala pamphasa imodzi, tambala ndi msoti kusinthana manja, thobwa la mumtsuko, amfumu n'kudziwitsidwa. Nkhuku ziwirizo mtengo wake sufika pa foni imene mukuwerengera mawu angawa.

Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya ku Limbuli, kachithunzi ka mkamwini wosadziwikayo kali m'thumba la jekete, ndikafunse mavenda a pamsika ngati alipo anamuonapo. Ndalama yokwerera ndagulitsa nkhuku yanga.