Kamera ya Amalume Imaona Kutsogolo Galimoto Ikamabwerera M'mbuyo

(Loweruka m'mawa pa galaja ina ku Kamwala. Toyota Allion yaima pakhomo, bampala yakutsogolo yamangidwa ndi waya wa mpanda. Wokonza magetsi a galimoto pamenepo ndi mwana wa mlongo wake wa mwini galimotoyo.)

AMALUME: Mphwanga, makamera a masiku ano ndi abodza. Ndaika yakutsogolo koma chipilala cha pageti chandipezabe.

MPHWAWO: Pepani amalume. Anakuikirani ndani?

AMALUME: Ndekha, mothandizana ndi kamnyamata ka aneba kokonza mafoni. Tinazula yakumbuyo ija n'kuisamutsira kutsogolo. Kumbuyo sindinagundeko kanthu, ndiye imangokhala kumeneko popanda ntchito.

MPHWAWO: Simunagundeko kanthu chifukwa kunali kamera.

AMALUME: Usandiphunzitse iwe, ndinakuona uli ndi mamina. Yatsa uone.

MPHWAWO: Ndayatsa, sikirini ili bii. Taponyani rivesi. Eya, ndi imeneyo! Amalume, kamera yanu yakutsogolo ikuyaka pokhapokha mukaponya rivesi.

AMALUME: Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikafika pageti ndimayamba ndaponya rivesi, ndione bwinobwino, ndiloweze pamtima, kenaka ndiponye D n'kulowa.

MPHWAWO: Vuto ndi ili. Kamera ili ndi mawaya atatu: wofiira wa moto wa 12V, wakuda wa ethi, ndi wa pulagi yachikasu wonyamula chithunzi. Inu wofiirayo mwangomutalikitsa koma akumwabe moto ku nyali ya rivesi. Yachikasu nayonso ikadali pa khomo la kamera yakumbuyo, lomwe wailesi imatsegula ikamva moto pa waya wolembedwa BACK. Mukachotsa rivesi, zonse zimagona.

AMALUME: Nanga bwanji chipilala chimaoneka kumanja, ine n'kukhotera kumanzere, n'kuchipeza chikundidikira komweko?

MPHWAWO: Kamera yakumbuyo imatembenuza chithunzi dala kuti chifanane ndi cha pagalasi loonera m'mbuyo. Mukaibweretsa kutsogolo osasintha, kumanzere kumasanduka kumanja. Makamera ambiri ogula padera ali ndi timawaya tiwiri topinda pafupi ndi pulagi. Kamodzi mukadula chithunzi chimawongoka, kenako kamachotsa mizere ija yofiira ndi yobiriwira. Mitundu ya timawayato imasiyana malinga ndi amene anapanga, ndiye muyambe mwawerenga kapepala ka m'bokosi.

AMALUME: Kapepalako tinayatsira mbaula.

MPHWAWO: Tiyesa kamodzikamodzi, kolakwika tilumikizanso. Mwayi wanu ndi woti munaika kale wailesi ya Android, ili ndi khomo la kamera yakutsogolo lolembedwa F-CAM. Ikanakhala ija yobwera ndi galimoto yolankhula Chijapani, yomwe FM yake imathera pa 90, pakanafunika adaputa. Komanso makamera ambiri obadwa ndi Toyota amadya 6V basi, mukawapatsa 12V amapsa nthawi yomweyo.

AMALUME: Moto ungotenga ku batire, ili pafupi pomwepa. Waya wochepa, ndalama zochepa.

MPHWAWO: Ikatero sidzazima usana ndi usiku. Kamera yotere imadya pafupifupi 0.15 amp. Pa maola 24 ndi 3.6 Ah. Batire ya galimoto ngati iyi ili cha m'ma 35 kapena 45 Ah. Mukaiimika sabata imodzi, Lolemba m'mawa Chilenje yonse idzakhala ikukukankhani.

AMALUME: Anthu a ku Chilenje sakankha ulere.

MPHWAWO: Ndiye moto titenga pa ACC, pomwe pamafika moto pokhapokha mukatembenuza kiyi, m'bokosi la mafiyuzi la m'kati, kuti izizima mukachotsa kiyi. Tiikapo fiyuzi yakeyake ya 2 kapena 3 amp. Ethi timanga pa bawuti ya chitsulo cha bodi, titapala penti. Ethi ikakhala yolobodoka chithunzi chimachita mizere yoyenda mukaponda mafuta. Koma tisanagwire waya aliyense, sipanala ya 10, tichotse mutu wa negetivi pa batire.

AMALUME: Nanga mawaya achikasu okongola awa pansi pa chiwongolero? Kamnyamata kaja kamafuna kusendako amodzi.

MPHWAWO: Kauzeni kathokoze Mulungu. Amenewo ndi a airbag, sitiwakhudza ngakhale ndi tesita. Ndipo taonani pomwe munadutsitsa waya wanu: pachitseko, chitseko chikumutafuna tsiku lililonse, kenaka wagona pa ekizosi. Wasungunuka kale apa. Waya wochokera ku injini kulowa m'kati amadutsa pa rabala ya pakhoma lolekanitsa injini ndi anthu, atavala paipi yapulasitiki, atamangidwa ndi ma cable tie kutali ndi fani ndi makoyilo. Polumikiza timawotcherera n'kuvindikira ndi heat shrink, kapaipi kaja kofinyika kakatenthedwa. Tepi yakuda yokha imamatuka ndi kutentha kwa mu Okutobala.

AMALUME: Kamerayo uyiike pamwamba pa boneti anthu aziiona.

MPHWAWO: Akuba nawonso ndi anthu. Malo ake ndi pakati penipeni, m'munsi mwa chizindikiro cha Toyota kapena pansi pa nambala, osaphimba chilembo chilichonse. Tiiweramitsa pang'ono mpaka mlomo wa bampala uzioneka m'munsi mwa sikirini, kuti muziyezera pamenepo. Magalimoto atsopano ena ali ndi radar, kachipangizo koyeza mtunda wa zomwe zili kutsogolo, kuseri kwa chizindikiro, amenewo sitiphimba, koma yanuyi ilibe.

AMALUME: Funso lalikulu tsopano. Ndikakhala pa Great East Road, izitha kundionetsa apolisi apamsewu ndisanafike?

MPHWAWO: Diso lake ndi lotambalala, pabokosi amalemba madigiri 170. Limaona bwino mamita awiri kapena atatu, ndipo chilichonse chimaoneka kutali kuposa pomwe chili. Wapolisi azioneka ngati nyerere mpaka atagogoda pawindo.

AMALUME: Ndiye n'zopanda pake. Undiikire tija tolira pi-pi-pi.

MPHWAWO: Masensa. Koma bampala iyi iyambe yamangidwa ndi timakilipi take. Ikalendewera chonchi, sensa imaloza pansi n'kumalira chifukwa cha msewu womwewo. Kutsogolo timaika anayi, pa mtunda wa masentimita 50 mpaka 60 kuchokera pansi, otalikirana masentimita 30 mpaka 40. Timamata tepi yapepala, kulembapo malo, n'kusuzumira kuseri kuti tisaboole pomwe pali chitsulo. Choboolera chimabwera m'bokosi momwemo, kawirikawiri cha mamilimita 22.

AMALUME: Msomali wamoto sungathe? Magetsi athima.

MPHWAWO: Drill yanga ndi ya batire. Bowo likakula sensa imagwedera, likachepa imafinyika n'kumanama. Kuseri kwa sensa iliyonse kuli muvi wolembedwa UP, uloze kumwamba. Mapulagi ali ndi zilembo A, B, C, D, alowe motsatana. Mukasokoneza, idzakuuzani kuti ngozi ili kumanzere pomwe ili kumanja.

AMALUME: Zimenezo ndazolowera kale.

MPHWAWO: Masensa akumbuyo amadzuka ndi nyali ya rivesi. Akutsogolo ambiri amadzuka mukaponda buleki, n'kukhala maso masekondi angapo mutachotsa phazi. Ine ndimawonjezera switchi padashibodi. Popanda imeneyo, mukaima pa mzere wa magalimoto pa Lumumba Road, aliyense wogulitsa machaja akadutsa pamphuno pa galimoto ikhala ikulira, mpaka mudzaizule nokha ndi mano.

AMALUME: Chabwino. Bola ngalande ya pakhomo panga isandimezenso tayala.

MPHWAWO: Imeneyo siiona. Sensa imatumiza mawu oti khutu la munthu silimva, pafupifupi 40 kHz, n'kudikira kuti abwerere akagunda chinthu. Imayamba kulira chinthu chili pa mita imodzi kapena imodzi ndi theka, n'kulira kosalekeza pa masentimita 30. Dzenje silibweza mawu. Mwala waufupi, waya wa mpanda ndi kachitsulo kowonda zimaizembanso. Pa ngalande mudalire kamera.

AMALUME: Ndiye kamera siiona apolisi, sensa siiona ngalande. Ine ndikulipira chiyani?

MPHWAWO: Simunalipire kanthu amalume.

AMALUME: Za m'banja sitikambirana pagulu. Pitiriza.

MPHWAWO: Mvula ikayamba mu Novembala muzipukuta matope pa masensa ndi pa diso la kamera, apo ayi azilira okha. Anyamata otsuka magalimoto muwauze asalozetse mpope wamphamvu uja pafupi. Pabokosi alemba IP68, kutanthauza kuti madzi salowa, koma madzi otere amalowabe, chithunzi n'kuchita nkhungu. Ndipo mukadzagula kamera ina, muone mtundu wa chithunzi chake, ngati ndi AHD kapena wamba ya NTSC, n'kusankha zomwezo pa wailesi. Zikasiyana mumaona chithunzi chakuda ndi choyera chovinavina, kapena osaona kanthu.

(Madzulo. Ntchito yatha, amalume akhala pachiwongolero.)

AMALUME: Haa! Ndikuona mpaka chitsekerero cha botolo pansi! Kumanzere kulidi kumanzere! Iwe sukulu sinapite pachabe.

MPHWAWO: Tulukani chobwerera pang'onopang'ono. Muyang'ane pagalasi, paja kumbuyo...

AMALUME: Khala chete, ndili ndi zipangizo. Ndadina F-CAM, njira yonse ili mbee.

(GUU! Wilibala ya munthu wogulitsa chimanga chootcha yagubuduka, makala mbwee.)

AMALUME: Sinalire bwanji? Pa sikirini panalibe kanthu!

MPHWAWO: Masensa ali kutsogolo. Kamera ili kutsogolo. Inu mumapita kumbuyo.

WACHIMANGA: Zinali 40, bwana. Zonse zakupsa kale.

AMALUME: Mphwanga, kuibwezera kumbuyo kamera ija ndi zingati?

MPHWAWO: Yambani mwamaliza ndi achimangawa. Iwo si abale anu.